Phiko Lakumanzere

Bokosili lakhala pamwamba pa wadiropu kuno ku Chilenje
kuyambira ndisanamere ndevu zoti n'kumeta.
Bambo anga, a Gershom Miti, makaniko wa ndege zenizeni,
anamata phiko limodzi lokha, lakumanja,
kenako manja awo anayamba kunjenjemera
ndipo anati, mawa.
Mawa lakelo linadya zaka,
pomaliza linadya iwo omwe.

Lero ndalitsitsa.
Fumbi, mazira a mphemvu, guluu wouma gwa m'chubu chake.
Tizidutswa ta pulasitiki wotuwa
tagwirana pa timitengo tawo ngati nthochi pa mkoko.
Pepala la malangizo silicheza ndi munthu:
mivi yokhayokha ndi manambala,
ka 14 kalowe mu 15, usafunse chifukwa.

Malaiti apita dzuwa litangolowa.
Ndatsamiritsa foni pa kapu kuti indiunikire.
Zida zanga ndi izi: chowengera zikhadabo cha Zelipa,
lezala lothyola pakati, chotokosera m'mano,
guluu watsopano wa ku Kamwala,
ndi mapegi awiri oba pa chingwe cha zovala
oti apanikize phiko mpaka limve.

Kagudumu kakutsogolo kandipulumuka.
Ndangomva tche! pa simenti, kenako zii.
Ine, munthu wowerengera ndalama za eni ake ku Cairo Road,
wovala tayi masiku asanu pa sabata,
ndili chokwawa kunsi kwa tebulo, tsaya pansi,
kusaka kanthu kochepa ngati njere ya mapira.
Zelipa waima pakhomo. Sanaseke.
Wangoloza ndi chala chakuphazi: si ako?

Woyendetsa wake ndi wamfupi kuposa chikhadabo changa.
Chithunzi cha pabokosi chamupatsa nkhope
yonga mkati mwa gwafa.
Ndasakaniza utoto wofiirira ndi kadontho kakuda
pa chitsekero cha botolo,
kuwonjeza, kuchepetsa,
mpaka wafanana ndi mphumi ya Bambo
akamafika madzulo, ovololo ikununkha mafuta.
Moyo wawo wonse anamanga mabawuti,
kupukuta magalasi, kugogoda matayala,
kukweza chala chachikulu kwa anyamata ouluka,
koma mapazi awo sanachokepo pansi.
Ndiye lero akhale pampando.
Lamba ndawajambulira ndi nsonga ya singano.

Atsala mabomba anayi, osalala ngati nyemba.
Muvi ukuti apite kunsi kwa mapiko.
Koma Mayi, amene akugona chipinda chinacho,
mpaka lero ndege zikadutsa motsika
poyeserera za tsiku la ufulu,
amasiya chilichonse chili m'manja
n'kuyamba kuwerenga ana,
anafe tili ndi imvi kale.
Zomwe anamva ali mtsikana sanatiuzepo bwinobwino.
Ndawafumbata mabombawo nthawi yaitali.
Ndawaika m'bokosi la machesi.
Kutaya sindinataye, ndisaname;
popanda iwo ndegeyi ikuoneka ngati yaiwala kanthu,
ndipo ine ndimavutika ndi masamu osakwana.

Tizizindikiro ta pamchira ndatiika m'madzi,
tangophwanyika ngati khungu la anyezi.
Ikhala yopanda mbendera, yopanda dziko.
Palibe kanthu.

Pakati pa usiku malaiti abwera mosagogoda,
firiji yatsokomola, agalu a kwa a Daka ayankha.
M'kuwalako ndaona zonse.
Phiko langa lapendekeka pang'ono,
ngati phewa la munthu wonyamula chigubu.
La Bambo lili nga! nga! nga!
ngakhale anamata ndi manja onjenjemera.
Ndipo m'munsi mwake, mu guluu wakale wachikasu,
muli chidindo cha chala chawo,
mizere yonse ikuoneka.

Ndinali nditatenga kale sandipepa.
Ndamubweza m'thumba.

Mawa ndipempha ulusi wakuda kwa Mayi,
ndiipachike pa msomali wa kalendala,
mphuno italoza kuwindo,
kumene minibasi yoyamba imayamba kuitana anthu
kusanache.