Kope Lobiriwira

Kalata inafika Lachiwiri mu envulopu yakhaki,
itanyowa pakona ndi mvula ya kuno ku Merthyr.
Ndinaiwerenga chiimire, jekete lili m'thupi.
Kuphika: ziro. Kusamba: ziro.
Kuyenda yekha mumsewu: ziro.
Maziro kundandalika ngati mazira m'thireyi,
ndipo pamwamba pake dzina la mwana wanga, Carys,
analilemba bwinobwino, osaphonya chilembo.

Akuti analankhula momveka pa foni.
Akuti anaseka kamodzi.
Inde anaseka. Mayi wofunsayo anatsamwa ndi tiyi n'kupepesa,
iye n'kuseka kuti amuchotse manyazi.
Ndi mmene tinamulerera ine ndi malemu amake.
Sindinkadziwa kuti ulemu nawo amauika pasikelo.

Mphindi makumi anayi, tsiku labwino,
nthenda itapita kokayenda.
Ine ndakhala nayo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
kuyambira tsiku limene anagwa pabwalo la sukulu
nsapato imodzi itavuka.
Ndinasiya kuyendetsa basi chifukwa cha iyo.
Khunyu sapangana naye tsiku.

Ieuan wa ku ofesi ya malangizo,
pamwamba pa sitolo ya nsapato ija,
anapukuta magalasi ake ndi tayi, nati:
Muli ndi mwezi umodzi wopempha kuti aunikenso.
Akakananso, tikachita apilu ku Cardiff.
Musalembe za tsiku labwino, bambo Probert.
Lembani zimene mumabisira alendo.

Ndiye ndinatsitsa kope lobiriwira pamwamba pa firiji.
Malichi 3, m'bafa, mphindi zinayi, analuma lilime.
Malichi 11, kawiri usiku, ndinachapa zofunda.
Epulo 2, ketulo, dzanja lamanzere, chipatala.
Epulo 20, pa siteji ya basi, anthu anamulambalala
poyesa kuti waledzera.
Meyi 6, anadzuka osandizindikira,
anandifunsa mwaulemu kuti ndine yani.

Ndinakopera zonse mpaka tambula ya tiyi kuzizira.
Sindinamve kuti watsika masitepe.
Anaima kumbuyo kwanga, mpweya wake pakhosi panga,
akuwerenga moyo wake m'zilembo zanga zokhota.

Ababa, mwandilemba ngati chinthu chosweka.

Ndikanati chiyani?
Kuti boma limve, ndiyenera kumuvula mwana wanga pagulu,
yemweyu amene amasoka madiresi a akwati,
amene amandigonjetsa pa tchesi ndi dzanja lachipsera lomwelo.
M'fomu mulibe bokosi la zimenezo.

Anandilanda cholembera.
Anakhala pampando wa amake, umene sitikhalapo.
Analemba nthawi yaitali, akufufuta, akuyambiranso,
ndipo pamapeto panatsala mizere itatu:
Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu.
Sindinakhomepo chitseko cha bafa chibadwire.
Bambo anga akukalamba.

Mzere wachitatuwo sitinaukambirane.

M'mawa tinamatako kalata ya Dokotala Bhandari,
mndandanda wa mapiritsi, chithunzi cha dzanja lija.
Kupositi anaiyeza kulemera, envulopu yathuyo,
n'kutilipiritsa ngati phukusi.
Lisiti ndinaipinda kanayi, ili m'chikwama
pamodzi ndi chithunzi cha ukwati wathu.

Tsopano tikudikira.
Akuti masabata khumi, mwina kupitirira.
Ieuan akuti ambiri amakanidwa kawiri asanamveke,
tisagwe mphwayi, tizilembabe.
Carys wasita kale bulauzi ya ku Cardiff,
akuti akalankhula yekha, ine ndikangokhala chete pambali.

Usiku uno akusamba.
Ndakhala pa sitepe yachitatu kuchokera pamwamba,
pamene kapeti inaperepeseka ndi kukhala kwangaku,
kope pamwendo, wotchi m'manja.
Akuimba, monga tinapanganira,
kanyimbo kalikonse, bola mawu asaduke.
Madzi akukhavuka. Akuimbabe.
Tsamba la lero likadali loyera.