Dongosolo la Zaka Zitatu

Otithandiza aja alembanso kalata.
Akufuna dongosolo la zaka zitatu:
makompyuta angati, intaneti yotani,
adzaphunzitsidwe ndani, ndalama zingati.
Kalatayo ili patebulo panga
muno m'Dzivarasekwa, kuseri kwa tchalitchi,
magetsi atathima kuyambira m'bandakucha.

Bungwe lathu ndi anthu asanu ndi kabati imodzi.
Timasakira zitupa ana a anthu
amene makolo awo anatsika sitima kuno kukali Salisbury,
dzina la mudzi lili pakamwa pokha,
Ntcheu, Dedza, Mulanje kuseri kwa tiyi,
nakathera m'mapulazi a fodya
boma lisanawalembe paliponse.

Maina mazana asanu ndi awiri tinawalowetsa m'laputopu.
Ankaidziwa ndi Fatsani.
Zala zake zinkajompha ngati nkhuku pa mapira
ife tikumuombera m'manja.
Mu Ogasiti anakwera basi ya ku Joni,
chikwama chimodzi kumsana,
mawu achinsinsi m'mutu mwake.
Nambala yake siikupezekanso.

Laputopu imayaka bwinobwino.
Imatifunsa funso limodzi lokha,
ife tonse kukamwa yasa.

Tinayesa dzina la mayi ake.
Tinayesa tsiku lake lobadwa, timu yake ya mpira,
mtsikana uja wa ku Kuwadzana.
A Makwinja anati tiyese Yohane 3:16.
Mnyamata wokonza mafoni m'tauni
anatchula madola makumi anayi
nawonjezera kuti sakulonjeza.

Zione, msungichuma wathu, sanalankhule.
Ndiye tinkamuseka chaka chatha
polembabe m'mabuku a chikuto cholimba
pamene dziko linapita patsogolo.
Lachitatu anabwera nawo m'jumbo.
Limodzi linanyowa ndi mvula, lina chiswe chinalawa m'mphepete.
Tinawerenga mpaka dzuwa kupendeka:
maina mazana anayi ndi khumi ndi limodzi.
Enawo ali m'kati umo, kuseri kwa galasi,
akudikira pamzere monga amadikirira ku Makombe.

Ndiye ndalemba, ndi cholembera chobwereka.

Chaka choyamba sitikufuna makina atsopano.
Tikufuna sola imodzi padenga ndi batire,
ndi loko wabwino, chifukwa denga ndi lalifupi.
Mawu achinsinsi adziwe anthu atatu,
mmodzi akhale woti maondo ake
sangalole ulendo wa ku Joni.
Dzina lililonse ligone malo awiri,
atatu ngati mabandulo alola,
pakuti mutu umodzi susenza denga,
nanji mutu wokhala ndi pasipoti.

Chaka chachiwiri aphunzire a Makwinja,
ngakhale amabaya batani ngati akupha nsikidzi.
Aphunzirenso Zione, koma mabuku ake asawaleke.
Pa mzere wa zokonzetsa ndaikapo kenakake,
poti mphatso imabwera ndi chithunzi ndi kumwetulira,
ikawonongeka mumatsala nokha.

Chaka chachitatu ndasiya mpata.
Sindidziwa ndalama idzakhala ndi dzina lanji.

Ndili pakati polemba, wagogoda mayi wina,
Rudo Saidi, Chichewa chake chosakaniza ndi Chishona,
mwana wa giredi seveni ali pambuyo pake
atagwira mpendero wa siketi.
Mayeso ayandikira, kalata yobadwira palibe.
Akuti analembetsa kwa mnyamata wa kompyuta uja,
kodi dzina lake lilimo?

Ndatsegula buku lachiwiri, lonyowa lija.
Chala changa chikutsika pang'onopang'ono:
Sabola, Saizi, Salimu.
Inki yafalikira apa ngati chipsera.
Ndamuuza akhale pansi, tiyambirenso,
anditchulire agogo ake ndi mudzi wawo.

Pomwepo magetsi abwera.
Mafiriji a anthu ayamba kung'ung'udza mumzere wonse,
ana akukuwa panja.
Laputopu yaphethira pakona paja
nifunsanso funso lake lija.
Mayiyo akuti, Kasinje, kapena Kasinja,
bambo ake ankatchula mwa njira ziwiri.
Ndalemba zonse ziwiri.