Nsapato za Chipupa

Amabwera Lachiwiri, dzuwa lisanakwiye,
nsapato zili m'thumba la feteleza,
n'kuzitula pa benchi langa kuno ku Ndirande
ngati mabwato awiri obooka.
Saizi yake sipezeka pa kaunjika.
Ndinafufuza ku Limbe, ndinafufuza m'tauni,
ndiye ndimangocheka tayala la lole
n'kumusokera kunsi.

Dzina lake ndi Elisoni Mpulula
koma ana a kuno amati Chipupa.
Makondakitala amamulipiritsa mipando iwiri,
iye sakangana.

Anawoloka nyanja ndevu zisanamere,
atatengedwa ndi amalume ake, mphunzitsi wa masamu.
Kumeneko anthu anayang'ana mapewa ake
mmene wogula ng'ombe amayang'anira linunda,
namuveka chisoti cha zitsulo kumaso.

"Mpira wake ndi wotani?" ndinafunsa tsiku lina,
msomali uli pakamwa.
"Wooneka ngati papaya."
"Nanga unagoletsa zingati?"
Anaseka mpaka benchi linalira.

"Zaka zisanu ndi zinayi, achimwene,
mpirawo sindinathamange nawo olo kamodzi.
Ntchito yanga inali kuwerama,
dzanja limodzi pansi,
kudikira liwu,
kenako kugundana ndi munthu
wolemera matumba atatu a simenti,
kudzuka, kuweramanso,
kuti wina wowonda, wa miyendo ya gwape,
adutse pampata ndatsegula ine.
Akafika uko, bwalo lonse limaimba dzina lake.
Langa ankalitchula ndikalakwitsa basi."

Ine ndinamva.
Palibe amayamikira soli paukwati,
amaikumbukira ikamatuka.

Nsapato sizinama.
Yakumanzere imatha msanga, chakunja,
poti bondo limenelo madokotala analing'amba kanayi.
Zala zake zinapindika ngati mizu ya kachere pathanthwe,
zingwe amamumangira Mwandida, mwana wa mlongo wake,
asanapite kusukulu.
Chiperoni chikayandikira, mafupa ake amadziwa
phiri lisanafunde nkhungu.

Ndalama za kumeneko sindifunsa.
Ndimangoona nyumba ya mayi ake ili ndi malata atsopano,
azibale asanu ndi mmodzi anamaliza fomu folo,
ndipo iye amayenda pansi.

Masiku ena amaiwala kuti wandilipira
n'kulipiranso kachiwiri.
Ndimabweza.
Kamodzi sindinabweze, alandilodi anali pakhomo.
Nditaulula sabata inayo
anandiyang'ana nthawi yaitali
ngati akufunafuna chinthu m'chipinda chamdima,
nati, "Sindikukumbuka, ndiye kuti palibe ngongole."

Dzulo madzulo, kutha kwa mwezi,
minibasi imodzi, anthu makumi asanu.
Ndinaona ndekha, ndinali kutseka.
Kamtsikana konyamula thireyi la mazira pamutu
kanagwera pakati pa zigongono.
Chipupa anaponya ndodo yake.
Anawerama, pang'onopang'ono,
mawondo akulira ngati chitseko cha tchalitchi chakale,
dzanja limodzi pansi, m'fumbi,
ndipo khamu lonse linafika pa iye
n'kugawikana
monga Nasolo amachitira akakumana ndi mwala.
Sanamenye munthu.
Anangokana kusuntha.

Kamtsikana kanadutsa kumbuyo kwake,
mazira makumi atatu onse amoyo,
kanakwera, kanapita.

Lero ndi Lachisanu, si tsiku lake,
koma wabwera, akutsimphina,
nsapato yakumanzere itayasamula kukamwa
kuyambira kuchala mpaka kuchidendene.
Wakhala pansi. Benchi ladandaula.
Ndatenga singano yaikulu ija, ndapaka ulusi phula.

"Sikanacheuke n'komwe," ndatero ine,
mtima ukundiwawa m'malo mwake.

Iye akupukuta fumbi m'chikhatho,
maso ali kumsewu,
ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni kwawo kuno
ndaona mano ake onse, ndi ogula omwe.

"Eya," watero.
"Wothamanga wabwino sacheuka.
Sokani msanga, achimwene."