Simbi Yobwereka

Ndinangosintha mzere umodzi, Twaibu,
umodzi wokha,
paja pulogalamu yathu imawerengera matumba a mpunga wa ku Lifuwu
n'kuiwala kuchotsera chinyezi.
Ndinakonza, ndinadina kuti imange,
n'kutuluka kukagula chinangwa chootcha kumsewu.

Pobwerako ndapeza mafayilo mazana awiri ndi asanu ali psuu,
ngati ndagaula munda wonse
pomwe ine ndazula kaudzu kamodzi.

Si ine ayi. Ndi kasimbi kaja,
kaja timakaitana kuchokera kutali nthawi zonse tikamamanga,
kositira khodi,
koika mpata pofunika mpata,
kopinda mzere wautali monga telala apindira mpendero.
Eni ake, anthu oti nkhope zawo sitidzaziona,
anadzuka Lachiwiri ndi maganizo ena.
Dzana mipata inali inayi. Lero akuti iwiri.
Sanalakwe, simbi ndi yawo.
Ndife tinalemba ndi zala zathuzi,
mu Okutobala muja, thukuta lili kamukamu, tikuthamangira kuweruka:
katenge katsopano kalikonse komwe ukapeze.

Laputopu yako ili ndi ka chaka chatha.
Yanga ili ndi ka dzulo.
Ya Nangondo, ija imadzuka ukaimenya kambama m'mbali,
ngakhale mwini wake sadziwa.
Ndiye anthu atatu tikusita thalauza imodzi,
iwe mzere wako apa, ine ndifafaniza, ndiika wanga apo,
mpaka nsalu yayamba kunyezimira m'mawondo.
Tsopano mbiri ya ntchito ikuti zonse ndinalemba ndine,
ngakhale cholakwika chija cha ngongole ya feteleza
chomwe mwini wake tonse tikumudziwa.

Wakumbukira tsiku la msika pa Kaphatenga?
Magetsi anazima, netiweki n'kuwatsatira.
Tcheyamani wa kopaletivi ali chilili pakhomo,
njinga atatsamiritsa pazenera,
akufuna malisiti a alimi makumi asanu ndi limodzi
lole isanatembenuke.
Masamu anali bwinobwino.
Khodi inalibe chilema.
Koma chomangira chinakana kwamtuwagalu:
simbi sindikuipeza.
Pulogalamu yathu yomwe, yobadwira m'kachipinda kano,
kukana kutuluka panja chifukwa malaya ali ndi makwinya!
Bandulo yanga inathera kugogoda
pakhomo la munthu wa kutsidya kwa nyanja
yemwe mwina anali m'tulo.
Tinalemba malisiti pamanja, ndi kaboni,
mpaka chala chako chapakati chinachita thuza.

Nkhwangwa yobwereka, amatero, sichedwa kuguluka.
Yathuyi siguluka n'komwe,
imangobwera ndi mpini wina m'mawa uliwonse.

Lero ndakhomapo msomali.
Ndalemba nambala yake yonse mufayilo yomangira,
zitatu, kadontho, ziwiri, kadontho, ziro,
osasiya khomo loti katsopano kalowere usiku.
Kope yake ndaigoneka m'nkhokwe yathu momwemo,
ina m'fulashi ija ili pa makiyi a ofesi.
Ndauzanso chomangira kuti kusita kukakanika
chizingodandaula, koma ntchito izituluka.
Tikadzafuna katsopano tidzakaitana tokha,
tsiku lakelake, tonse atatu titakhala pansi,
osasakaniza ndi za mpunga.

Ndikudziwa, kadzakalambira m'manja mwathu.
Adzabwera mnyamata wochokera kukoleji,
adzaona nambalayo, adzagwira pakamwa.
Ndamusiyira mawu pamwamba pake:
usanasinthe apa, funsa za tsiku la msika.
Ngati sitidzakhalapo,
funsa tcheyamani, iye saiwala.

Tsono bweza mafayilo mazana awiri ndi anayiwo
momwe analili,
uyang'ane wotsalayo.
Mzere wa makumi anayi ndi chimodzi. Chinyezi.
Ukavomereza undiuze msanga,
chinangwa changa chazizira kale,
ndipo mayi Asiyatu aimbanso kachitatu
kufunsa chifukwa chomwe matumba awo khumi ndi awiri
akulemera mosiyana papepala ndi pasikelo.