Wogogoda wa pa Desiki ya Kungodya

Lachisanu lotsiriza mwezi, naini koloko isanakwane,
foni yanga yatentha kale.
Seva yafa, akutero. Sinafe, ikukwawa.
Kampira ka pa sikirini kakungozungulira
ngati minibasi yosowa poima pa Kulima Tawa.

Tilipo mazana awiri ndi makumi atatu m'nyumba ino ya mu Cairo Road,
aliyense akufuna fayilo yake tsopano lino,
koma khomo ndi limodzi.

Mai Inonge a ku malipiro atsika masitepe okha,
nsapato zili m'manja.
"Zelipa mwanawe, anthu adya chiyani Lolemba?
Landilodi wanga wa ku Chilenje sadziwa seva."

Ndalowa m'kachipinda kozizira,
momwe ndimavala juzi ngakhale mu Okutobala.
Ndagwira waya uliwonse, ndaukankha, ndaumvetsera.
Timagetsi tobiriwira tikuphethira mosapuma.
Madisiki akulira chapansipansi, mwa munthu wosenza thumba la makala
amene safuna kuti umufunse ngati akulemedwa.

Poyamba ndanamizira magetsi, pakuti anathima usiku.
Kenako anyamata a ku sitolo,
omwe amabisa mavidiyo a mpira m'foda yotchedwa Malisiti.
Ndafufuta zigoli zonse za chaka chatha.
Palibe chasintha,
ndangodzipezera adani anayi.

Nthawi ya nkhomaliro ndaizimitsa, ndaiyatsanso.
Yapuma bwino mphindi khumi,
Mai Inonge mpaka atumiza uthenga wa zikomo,
kenako yatsamwanso.

Ndiye ndatsegula kaundula wa ogogoda,
ndione amene wagwira chiyani.
Uyu mafayilo atatu. Uyu asanu. Bwana wamkulu palibe n'imodzi yomwe.
Pansi penipeni pali mmodzi
wakumbatira zikwi khumi ndi chimodzi,
ndipo akupemphabe ena.

Dzina lake ndaliwerenga kawiri.
A Hamoonga.

A Hamoonga tinawaika ku Chingwere mu Ogasiti.
Ndinasonkha nawo ya maluwa.

Pansanjika yachitatu, kungodya, kuseri kwa makatoni,
kompyuta yawo ikadayaka.
Palibe anailimbira mtima.
Kapu yawo ili pomwepo, supuni ili m'kati,
kapepala kachikasu pa sikirini kakuti Musazimitse.

Iwo sankakhulupirira makina.
Chichokereni chaka chomwe mapu onse anatayika,
anadzilembera kapulogalamu kakang'ono, mizere isanu ndi inayi,
koti usiku uliwonse kazikopera zonse za kampani
m'kadisiki kawo ka m'dirowa, kuopa tsoka.
Kadisikiko kanadzaza kalekale.
Magetsi atabwera m'bandakucha wotchi inasokonekera,
kapulogalamu kakayesa kuti ndi usiku.
Kakopera, malo palibe, kayambiranso.
Malo palibe, kayambiranso.
Anaiwala kukaphunzitsa kuleka.

Ndakhala pa mpando wawo, ndi wamfupi kwa ine.
Kunja wogulitsa matokotaimu akukangana ndi kondakitala,
jakaranda wathothokera pa magalimoto a mabwana.
Chala changa chaima pamwamba pa batani.
Ndani anandipatsa ine udindo wouza munthu
kuti ntchito yatha, akaweruke?

Ndanena mokweza, poti panalibe wondimva:
Zonse zilipo, bambo. Tikusunga. Ndimaona ndekha Lolemba lililonse.
Ndadina.

Sizinatenge mphindi.
Pansi wina wakuwa, kwamveka m'manja,
makina osindikizira ayamba kulavula mapepala a malipiro.
Madisiki atsitsa mawu.

Fomu ya lipoti ili ndi kabokosi kakang'ono: Chinayambitsa vuto.
Ndalemba kuti wogwiritsa ntchito mmodzi anachulutsa zopempha.
Kabokosi kena: Mwamuchenjeza?
Ndasiya popanda kanthu.

Kapepala kachikasu ndakamatula bwinobwino,
kali m'chikwama changa, pamodzi ndi chenji ya basi ya ku Kaunda Square.
Kapu ndatsuka.
Sindikudziwa woti ndimupatse.