Mlatho wa mu Faelo

Ndinadzuka tambala asanakonze kukhosi.
Ndinawoloka Kachule nsapato zili m'manja,
chitenje nditachikwinyira m'chiuno,
madzi a Febuluwale akundiluma m'mawondo.
Kabaza mpaka pa Mitundu,
minibasi mpaka m'tauni.
Chenji changa kondakitala anachisandutsa masiwiti awiri.

Pa geti la khonsolo mlonda anayamba wandiona kumapazi,
kumaso pambuyo.
"Dzina, nthawi, ndi chimene mwadzera."
Bolopeni yake inali pachingwe ngati mbuzi ya m'dzinja.
Ndinalemba ndekha, zilembo zogwirana manja:
Esinala Mkanthama,
ndadzera kuona pepala.

Chitseko choyamba chinandilozera chachiwiri.
Chachiwiri chinati a makiyi ali ku maliro ku Nsaru.
Chachitatu sichinayankhe,
koma mkatimo supuni inkazungulira m'kapu.

Pa benchi ndinapeza bambo wina wa ku Lumbadzi
wofuna mapu a poloti yake.
Anayamba kubwera kuno mkazi wake ali ndi pakati,
pano mwanayo akuti wayamba kutchula "mawa".

"Wakutumani ndani?" anafunsa a Kaliwo,
maso ali pa foni.
Ndinati andituma mawondo angawa.
"Ndinu a bungwe? Atolankhani?
Kapena a chipani chiti?"
Ndimagulitsa tomato, bwana.
Tikiti ya msika ndimadula tsiku lililonse, ngakhale lamvula,
ndipo onse ali m'chitini cha mkaka pansi pa bedi.
Mapepala anu ine ndimasunga.
Ndionetseniko anga.

Anati ndilembe kalata.
Ndinalemba.
Anati Lachinayi.
Lachinayi kunalibe netiweki.
Lachinayi linalo kalata ija inali itasowa
pakati pa tebulo ndi tebulo linzake,
mtunda wosakwana mikono itatu.
Tomato wanga kunyumba ankapsa, nafewa, nayamba kulira m'dengu.

Ulendo wachinayi a Kaliwo anali ku semina ku Salima.
Pampando pawo panali mtsikana wophunzira ntchito,
Sungeni, wosadziwabe kuti "kulibe" amanena bwanji.
Anakwera pa situlo,
natsitsa faelo yomangidwa ndi chingwe cha nsapato,
ngodya imodzi chiswe chitaiwerenga kale,
yonunkha mileme.

Ndinapukuta manja pa chitenje ndisanaigwire.

Mlatho wa pa Kachule.
Simenti matumba mazana anayi.
Zitsulo, miyala, mchenga malole khumi ndi awiri.
Utoto woyera ndi wakuda wa m'mbali.
Mafanta a tsiku lotsegulira, makireti asanu ndi limodzi.
Pansi pake sitampa yofiirira, yonenepa:
NTCHITO YATHA.

Ndiye kuti zaka ziwiri zonsezi
takhala tikuvula nsapato pa mlatho.
Ndiye kuti njinga ya a Zefaniya
inakokoloka ndi matumba a chimanga
ili pamwamba pa simenti.
Ana a sitandade wanu amene timabereka kumsana m'mawa uja
tikungowalemeretsa, msewu ulipo.

Tsamba lomaliza, mayina a komiti yolandira ntchito.
Lachitatu linali langa.
Pambali pake chidindo cha chala,
chachikulu, cha mwamuna,
inki itasefukira ngati Kachule yemweyo.
Ine amene ndalemba dzina langa kanayi
m'buku la mlonda wawo.

Ndinaika chala changa pambali pa chalacho.
Sungeni anayang'ana, sanayankhule.
Anameza malovu.

Fotokope inkafuna magetsi, magetsi kunalibe.
Ndinatulutsa kope la masamu la mwana wanga,
ndinakopera kumbuyo kwake mzere ndi mzere,
ndi mafanta omwe.
Sungeni anasuzumira pakhonde,
natsegula diloo,
nadinda sitampa pa kopelo mofulumira
ngati akupha udzudzu.

Ndinafika pa Kachule dzuwa litalowa.
Madzi anali atakwera mpaka m'chiuno.
Tsidya linalo anthu ankandikuwira kuti mwaupeza?
Ndinati ndaupeza, ngwokongola, uli ndi utoto.
Ndinavula nsapato,
ndinausenza pamutu mlathowo
kuti usanyowe.