Mitsamiro ya Injini

A Kamzimbi analowetsa chitsulo pansi pa injini
n'kukanikiza pang'ono chabe.
Injini inagwedeza mutu ngati wovomera mlandu.
"Waona? Labala watha uyu.
Ukaponda mafuta, injini imayamba yadzambatuka,
matayala n'kumva uthenga mochedwa."

Loweruka ku Gazaland, fumbi, utsi wa owotcherera,
galimoto yanga ya zitseko ziwiri
ili pa jeke, mimba poyera.

Ndinkadziwa kale.
Ku Donnybrook mwezi watha, pokhota pachitatu,
dzanja linapita pomwe limapita masiku onse
koma giya yachiwiri inali itasamuka.
Khweee!
Anyamata apampanda anagwira m'mimba ndi phwete.

Mu msewu wa Kaguvi, Ruvarashe anayala itatu pa kauntala,
nandiyang'ana ngati wogulitsa nsapato.

Woyamba wakuda, wofewa, wamadzi m'kati,
mphwake wa uja unachokera ku fakitale.
Umameza kunjenjemera konse,
subwera nako kwa iwe.
Ndi mtsamiro waulemu umenewo, koma ndi wabodza.

Wachiwiri wachikasu, poliyurethini,
chikhadabo changa sichinalowe.
"Uwu umanena zoona," anatero,
"koma umatsitsako mawu."

Wachitatu aluminiyamu yekhayekha,
wozizira, wowala, wopanda chisoni.
Ndinaunyamula. Sindinama, mtima unapita pomwepo.
Ndinaona kale giya ikulowa ngati kiyi m'loko,
pokhota pachitatu paja pali zii,
anyamata aja atameza malovu.

Koma ndinakwerapo ya Tafirenyika, ya chitsulo pa chitsulo.
Pa maroboti a Rotten Row mano ankaombana okha,
kalilole akuonetsa makombi atatu pomwe ili imodzi,
mabawuti akudzimasula mwakachetechete.
Iye ankakuwa kuti "Wamva kukoma?"
Ine sindinamve kanthu, makutu anali atadzaza njuchi.

Ndinawaimbira a Kamzimbi ndili pakhomo pa sitolo.
Anatafuna kaye chimene ankatafuna.
"Ku mpikisano umapitako kangati pa chaka?"
Kanayi.
"Nanga kusukulu kwa Tiyanjane?"
Sindinayankhe.
"Walira mvula walira matope, mwana wa Chimtengo.
Chimene labala sameza, msana wako udzameza.
Ndipo maenje a msewu wa Willowvale
safunsa kuti wagula za ndalama zingati."

Bambo anga ankayendetsa lole ya simenti zaka makumi awiri
atakhalira thumba lopinda kanayi.
Atakalamba ankadzuka pampando m'zigawozigawo,
dzanja m'chiuno, mlomo utalumidwa.
Izi sindinamuuze Ruvarashe.
Ndinangobweza wowala uja pamalo pake.

Ndinatenga yachikasu iwiri ya m'mbali mwa injini,
wina wolimbirako wa pansi pa giyabokosi.
Madola anali ofewa ngati masamba ofutsa,
anakana limodzi long'ambika pakona,
ndinathamangira kwa wogulitsa nthochi kukasintha.

Dzuwa likupendeka a Kamzimbi anamanga bawuti yomaliza,
natukwana sipanala, napukuta manja pa ovolosi.
"Liza."

Inalira.
Kunjenjemera kunakwera mumpando,
kudutsa m'ntchafu mpaka m'nthiti,
osati kwaukali, koma ngati munthu
amene wakhala nawe nyumba imodzi zaka zisanu
ndipo lero wayamba kuyankhula.
Makiyi a kunyumba anayamba kuimba m'kabokosi.

Lolemba m'mawa, pamzere wa magalimoto ku Southerton,
Tiyanjane anagunditsa chibwano pa chitseko
n'kutulutsa mawu aatali, aaaaa,
kuti amve akunthunthumira okha.
Anaseka mpaka chikwama chinagwa.
"Adadi, dzino langa logwedera lija likuvina!"

Kutsogolo kunatseguka.
Ndinaponda kilatchi, dzanja linapita pomwe limapita,
giya yachiwiri ndinaipeza ili pakhomo pake.
Kalilole ankanjenjemera pang'ono,
koma kombi ya kumbuyo inali imodzi.